Wodwala amene sitimulengeza

Pa wailesi ndimawerenga mauthenga otere: "Wachoka pakhomo Lachiwiri, mutu wake sukuyenda bwino." Koma amene amandidetsa nkhawa ndi uja sanasoweyo, mayi wongoti duu m'nyumba, osadya, osagona, khasu analisiya. Ife timati ulesi, kapena am'lodza.

Zikapitirira masabata awiri, abale anga, akhoza kukhala matenda a kukhumudwa, pa Chipwitikizi depressão. Dziko lathu lili ndi ma técnico de psiquiatria kuyambira 1996. Kawafunseni kuchipatala ku Mandimba kapena ku Cuamba.

Mankhwala ngati amitriptyline sagwira lero lomwe, amatenga masabata awiri mpaka anayi. Apa mpamene achibale amataya mtima n'kuthamangira kwa sing'anga. Pirirani. Mapiritsiwo asunge m'bale, azim'patsa a tsikulo okha.