Za Mtsempha Wotupa Pansi pa Ubongo

Tonse amene tiyenda pa njinga tidziwa machitidwe a chubu chokalamba: pamene mphira wafooka patukuka kathumba, ndipo tsiku lina kaphulika. Momwemonso uchita mtsempha wa magazi m'mutu mwa munthu. Madotolo akacha kathumbako aneurysm. Anthu akulu pafupifupi 3 mwa 100 ali nako osadziwa, ndipo ambiri a iwo akalamba nako popanda bvuto. Koma kakaphulika, magazi amwazika pozinga ubongo, ndipo munthu akhoza kufa tsiku lomwelo.

Pali malo amodzi amene madotolo awaopa koposa. Mitsempha iwiri ikwera m'mafupa a khosi, nikomana pansi pa ubongo monga mitsinje iwiri ithirana, nisanduka mtsempha umodzi, dzina lake basilar. Umenewu ndiwo udyetsa tsinde la ubongo, limene lilamula mpweya wathu ndi kudzuka kwathu. Pa nsonga pake ugawikanso pawiri, ndipo pa mphanda imeneyo mpamene kathumba kakonda kumera.

Mu 1937 dotolo Walter Dandy wa ku Baltimore anatsegula chigaza, napana khosi la kathumba ka mtsempha wina ndi kachitsulo. Koma basilar ali patali, pakati pa timitsempha tating'ono tonga tsitsi, ndipo kuononga kamodzi kokha ndiko kupundula munthu. Charles Drake wa ku Canada anatha zaka zambiri kufunafuna njira yofikirapo ndi mpeni.

Tsono ena anaganiza kuti: bwanji osayenda m'kati mwa mtsinje momwemo? Mu 1990 Guido Guglielmi, dotolo wa ku Italy wogwira nchito ku Los Angeles, anayamba kuchiza anthu mwa njira yatsopano. Alasa mtsempha pa mphechepeche kapena pa dzanja, nalowetsa kapaipi kofewa, nakayendetsa pang'onopang'ono kufikira m'mutu, maso ali pa chithunzi cha X-ray. Kuona maso a nkhono nkudekha. Atafika pa kathumba, akankhiramo tiwaya ta platinum tofewa ngati thonje, timene tidzipinda m'katimo monga udzu m'chisa cha mbalame. Magazi aundana pa tiwayato, kathumba katsekeka, ndipo mtsinje upitirira njira yake. Chigaza sichitsegulidwa konse.

Mu 2002 anaulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu wochedwa ISAT, wa odwala 2,143 amene kathumba kanawaphulikira. Patapita chaka, mwa ochizidwa ndi tiwaya pafupifupi 24 mwa 100 anali atafa kapena osatha kudzisamala. Mwa otsegulidwa chigaza anali pafupifupi 31. Odwala a basilar anali ochepa m'kafukufukuyo, pakuti madotolo ambiri anali ataona kale kuti pamalo pamenepo tiwaya ndito tiyenera.

Tisayese kuti njirayi ilibe zobvuta. Nthawi zina tiwaya tiphwatalala, kathumba nikayambanso kudzala. Chifukwa chake wodwala abwerera kukaunikidwa. Kathumba ka pakamwa papakulu kafuna kaukonde kachitsulo kochirikiza, pamodzi ndi mankhwala oletsa magazi kuundana. Ndiponso nchito yotere ichitika m'zipatala zazikulu zokha, zokhala ndi makina ndi akatswiri ake.

Nanga ife a kumudzi, gawo lathu nlotani? Zinthu ziwiri zifooketsa mitsempha koposa: fodya ndi kuthamanga kwa magazi. Tileke fodya, tikayezetse magazi kuchipatala, ndipo amene anapatsidwa mankhwala asawaleke poona kuti thupi lili bwino. Mbale wathu akagwidwa mwadzidzidzi ndi mutu woopsa umene sanaumvepo chibadwire, ngati wamenyedwa ndi chibonga pa nkhongo, nasanza, khosi niliuma, kapena nakomoka, tisataye nthawi ndi kuombeza kapena kuloza anzathu zala. Pakuti kathumba kophulika kakonda kuphulikanso m'masiku oyamba, ndipo kachiwiriko kaopsa koposa. Timnyamule ora lomwelo, usiku kapena usana, timfikitse kwa madotolo.