Usiku umene kiyi inagona

Motoka yanga ndi ka Vitz ka 2012. Kanakalamba kale pa misewu ya ku Japan kasanakwele sitima kupita ku Dar es Salaam ndi kulowela pa Nakonde, ndipo nkhongole imene ndinagulila akali kuidula pa malipilo anga mwezi uliwonse. Amene anandigulitsa anandipatsa kiyi imodzi cabe, ka limoti kakuda kofufutika mabatani. Sukalowetsa paliponse. Umangokaika m'thumba, kugwila citseko, motoka yatseguka; kuponda buleki, kudiniza batani, injini yalila. Mlungu woyamba ndinali kucita zimenezi pang'onopang'ono pa geti ya sukulu kuti aphunzitsi anzanga aone bwino.

Ndimaphunzitsa Physics pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka. Tsiku lina kumayambililo kwa 2024, titaweluka, mnyamata wina wa Giledi 11 ananditsatila mpaka pa motoka. Anatulutsa foni, imene malamulo a sukulu salola, ndipo ndinacita ngati sindidziwa malamulowo cifukwa ndinafuna kuona cimene anali kundionetsa. Inali vidiyo ya munthu akufika pa motoka cimanjamanja, foni ili m'thumba, zitseko n'kutseguka zokha.

"Ba Sir," anatelo akuloza ka limoti kanga, "aka kanu kasila fashoni."

Sindinamutsutse. Ndinamuonjezela ndi zina zimene sanali kudziwa. Ndinamuuza kuti kampani ya Tesla inayamba kugulitsa Model 3 mu 2017 popanda limoti: foni ndiyo inali kiyi kudzela pa Bluetooth, ndipo anali kupelekako kakhadi konga ka ku banki kosungila tsiku loipa. Mu 2020 Apple inaika kiyi ya motoka mu iPhone, kuyambila ndi BMW, ndipo Samsung ndi Google anatsatila mu 2021. Ndinamuuza kuti pamene iye adzagula motoka yake, kiyi ya m'thumba idzakhala ngati kalata ya pa positi, cinthu cimene agogo amasimba. Ndinali kukhulupilila zimenezo. Kunena zoona ndinali kucita nako manyazi ka limoti kanga, kamene masiku amenewo kanali katayamba ulesi: unafunika kufika pafupi kwambili ndi citseko kuti kamve. Ndinali kunena kuti ndidzagula batile pa mapeto a mwezi. Mapeto a mwezi anabwela kasanu ndi kawili, nthawi zonse ali ndi nkhani zina.

Caka cimeneco mucikumbuka nonse. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, pamene magetsi oposa 80 pelesenti a dziko lino anali kucokela ku madzi. Pofika Sepitembala, kwathu ku Chawama malaiti anali kubwela maola atatu kapena anai patsiku, kawilikawili pakati pa usiku. Ukagona tulo tofa nato, wadzuka atapita kale. Anthu anali kulipila pa tuntemba tokhala ndi sola kuti awachajile foni, ndipo m'cipinda ca aphunzitsi tinali kukanganilana soketi imodzi ngati ana.

Tsiku limene ndikamba, foni yanga inazima ca m'ma 14 koloko masana. Malaiti sanabwele. Itangopitilila 1 koloko usiku, mkazi wanga anandigwedeza.

"Imwe, nthawi yakwana."

Tinali kuyembekezela mwana waciwili, ndipo ku kiliniki anatiuza kuti kukali milungu iwili. Apongozi anga, amene anabwela kucokela ku Katete kudzadikila, anali atanyamula kale cikwama ndi zitenje. Ndinatuluka ndi malaya ovala cakumbuyo, ndinagwila citseko ca motoka. Zii. Ndinadiniza batani la pa limoti. Zii. Ndinakagwedeza, ndinakamenya pa cikhatho, ndinakapumila mpweya wotentha monga mmene timacitila ndi limoti ya TV. Kanangoti duu. Foni ya mkazi wanga inali pa 4 pelesenti ndipo ndiyo inali tochi yathu. Kuitana Yango kunafuna bandulo, ndipo bandulo inali mu foni yanga yozima.

Apongozi anga ndi a mwambo. Zaka zisanu ndi cimodzi za ukwati wathu sanandiyang'anepo m'maso, ndipo zofuna kundiuza anali kuzipitiliza kwa mwana wao. Usiku umenewo anaima patsogolo panga nanena molunjika: "Apongozi, ngati galimoto yakana, tipezeleni wilibala."

Phokoso lathu linadzutsa mnyamata amene amacita lendi kacipinda ka kuseli kwa mpanda. Ndimamudziwa bwino. Anali m'kalasi langa, ndipo anasiya sukulu mu 2019 ali Giledi 11 cifukwa ca ndalama, maphunzilo aulele asanayambe mu 2022. Ndikumbuka kuti pa lipoti yake yomaliza ndinalemba kuti saika mtima pa Physics. Manje amagwila nchito pa galaja ya pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Anadumpha mpanda ali ndi kabudula.

"Ba Sir, ni cani?"

"Kiyi yafa."

"Bweletsani."

Anakatembenuza, anakankha kakang'ono kamene ndinali ndisanakaonepo m'mbali mwake, nasolola kakiyi kacitsulo kamene kanali kubisala mkati zaka zonsezi. Anatsegula citseko ca dalaivala ngati motoka ya kale. Ndinakhala pa mpando, ndinadiniza batani loliza injini. Palibe.

"Pondani buleki. Manje gunditsani limoti pa batani, ku side kuli cizindikilo. Mwamvela kulila? Dinizani."

Injini inalila.

"Siinafe iyi, Ba Sir," anatelo akutsegula geti. "Yagona cabe."

Mwana anabadwa isanakwane 4 koloko, wamkazi, patapita mphindi zosafika makumi anai kucokela pamene tinalowa pa geti ya cipatala. Sindikonda kuwelengela mphindi zimenezo, koma ndimaziwelengela.

Ndinakhala pa benchi panja mpaka kuca, ndipo cimene cinali kundizungulila m'mutu cinali camanyazi kwa munthu wa digili. Ndinazindikila cimene cinacitika. Kuzungulila batani lija kuli koilo ya waya. Ukaponda buleki, motoka imatumiza mphamvu ya maginito yosinthasintha kucokela pa koiloyo. Mkati mwa limoti muli koilo ina yaing'ono yolumikizidwa ku kachipu, ndipo ukaiyandikiza, mphamvu ija imapanga magetsi okwanila kudzutsa kachipuko kuti kayankhe nambala yake yacinsinsi. Sikafuna batile. Ici ndi cimene Michael Faraday anapeza mu 1831, cimene ndimajambula pa bolodi caka ciliconse, makoilo awili ndi mivi, ana akukopela. Ndinali naco m'thumba la buluku zaka zitatu osacidziwa. Amene anacidziwa ndi uja wosaika mtima.

Kucokela pamenepo ndakhala ndikudzifunsa funso limene mnyamata wa vidiyo uja anayambitsa. Cikanakhala kuti kiyi yanga inali mu foni, usiku uja ukanatha bwanji?

Opanga mafoni analiganizila vutoli, tisawanamizile. iPhone ikazima cifukwa ca batile, imasungako kamphamvu kocepa kotelo kuti ungathe kuigunditsa pa cogwilila ca citseko ndi kutsegula motoka kwa maola ofika asanu. Kwa munthu wa ku Munich amene foni yamuthela ali mu lesitilanti, maola asanu ndi ambili: afika kunyumba, apeza soketi ikugwila nchito. Yanga inali itazima maola khumi ndi limodzi. Amene anasankha nambala ya maola asanu sanali kuganizila komboni imene malaiti amabwela ngati mlendo. Sindiwaimba mlandu, sanali kupangila ife. Koma zimene amapangila ena ndizo zimatifika pakapita zaka khumi, pa sitima, zitagwilapo kale nchito.

Ndipo batile si ndiyo yokha. Foni ndi cinthu ca nchito zambili: ndi banki, ndi tochi, ndi wailesi, ndi cidole ca mwana akalila. Imagwa, imasweka galasi, imalowa m'beseni, imasintha pulogalamu yake usiku n'kudzuka ndi khalidwe lina. Pa 19 Novembala 2021 makompyuta a Tesla anasokonezeka kwa maola angapo, ndipo eni motoka m'maiko osiyanasiyana amene anali kudalila app yodzela pa intaneti analephela kutsegula kapena kuliza motoka zao. Amene anali ndi kakhadi kaja m'cikwama anapita kwao bwinobwino. Onani kuti ngakhale kampani imene inataya limoti poyamba sinalimbe mtima kusiya munthu ndi foni yokha. Ka limoti kali ndi nchito imodzi. Kabatile kake kozungulila ngati kobili, ka mavolti 3, kamakhala caka kapena ziwili, ndipo kakayamba kutha kamakucenjeza kwa milungu. Kanga kanandicenjeza miyezi. Wolakwa ndinali ine.

Komanso ganizilani za tauni. Ndani wa inu amene sanabeledwepo foni, kapena amene sadziwa wina amene anaitsompholedwa pa windo la basi ca ku City Market? Ndi zoona kuti kiyi ya mu foni ungaizimitse uli kutali, ndipo wakuba sapindula nayo. Koma iwe wakhala pa msewu wa Lumumba ulibe foni, ulibe ndalama za mu foni, ndipo motoka yako ikukuyang'ana ngati siikudziwa. Ine ndimakonda kuti matsoka anga azibwela limodzilimodzi, osati onse m'thumba limodzi.

Pali mbali imene foni ipambana, ndipo ndiyenela kuivomela ngakhale indiwawa. Malimoti ambili onga kanga ali ndi cibowo cimene akuba a ku Britain ndi maiko ena anacidziwa kale. Amabwela awili: wina aima pafupi ndi khoma la nyumba ndi cipangizo cokoka uthenga wa limoti imene ili patebulo mkati, wina aima pa motoka ndi cina colandila. Motoka imaganiza kuti mwini wake wafika, n'kutseguka, n'kulila. Makiyi atsopano a mu foni, otsatila muyezo wa Digital Key 3.0 umene unatuluka mu 2021, amagwilitsa nchito ultra-wideband, imene imapima nthawi imene uthenga watenga kupita ndi kubwela. Uthenga wa wailesi umayenda masentimita 30 pa nanosekondi imodzi, conco ukadzela kwa akuba umacedwa, ndipo motoka imadziwa kuti kiyi ili kutali. Monga mphunzitsi wa Physics, ici cimandikondweletsa kwambili. Cinanso, ukataya limoti yako yokhayo, monga ine amene ndili ndi imodzi, kupangitsa ina ndi kuilembetsa mu kompyuta ya motoka kumadya gawo lalikulu la malipilo a mphunzitsi. Kiyi ya mu foni siigwela m'ngalande.

Amatamanso kuti kiyi ya mu foni ungaitumizile munthu wina pa uthenga, ali kutali. Amene anaganiza kuti ici ndi cabwino alibe acibale onga anga. Lelo amalume akafuna motoka kuti apite ku malilo ku Chongwe, afunika kukwela basi, kubwela kunyumba, kukhala pansi, kumwa tiyi ndi kundiyang'ana m'maso, ndipo pakati pa zonsezo ndimapeza mpata wonena kuti matayala si abwino. Tsiku limene adzangolemba kuti "mphwanga, nitumileko kiyi pa WhatsApp," ndidzayenda pansi mpaka kupuma nchito.

Conco mukandifunsa kuti codalilika ndi citi, ndidzati limoti, kwa ife, pakali pano. Cifukwa cake si cakuti ndi yanzelu kuposa foni. Ili ndi njila zitatu zolowela, wailesi, kacitsulo ndi koilo, ndipo ziwili mwa izo sizifuna kuchaja. Foni ndingailandile ngati kiyi yaciwili, tsiku limene motoka zotelo zidzafika pa mtengo wa mphunzitsi. Koma motoka imene ilibe pobowola polowetsa citsulo, kapena kakhadi kosafuna batile, sindidzaigula, ngakhale Kariba itadzala mpaka kusefukila.

Mlungu wotsatila ndinagula mabatile awili pa kantemba ka mawochi m'tauni. Nambala yake imalembedwa pamwamba pa batile yakale, nthawi zambili CR2032 kapena CR1632, ndipo mtengo wake sufika pa wa bandulo imene ndimagula mlungu uliwonse. Imodzi ili mu limoti, ina ili m'cikwama kuseli kwa NRC.

Temu imeneyo, titafika pa mutu wa Faraday, sindinayambe ndi bolodi. Ndinatulutsa kalasi lonse kupita pa motoka, ndinacotsa batile mu limoti onse akuona, ndinapatsa mtsikana wina kuti aigwile m'manja, ndipo ndinaliza injini. Anakuwa ngati ndacita matsenga. Mnyamata wa vidiyo uja anaganiza pang'ono, nati kugunditsa foni pa citseko kumadzelanso pa makoilo awili oyandikana, conco foni ndi limoti ndi pacibale. Ananena zoona, ndipo ndinamupatsa mamaki ake pamaso pa anzake.

Madzulo ake ndinapita ku galaja ya pansi pa mtengo. Ndinapeza miyendo cabe ikutuluka pansi pa minibasi. Ndinamupempha kuti abwele Lacisanu adzaonetse ana a Giledi 12 mmene alitaneta imagwilila nchito, popeza iye amaimasula tsiku ndi tsiku pamene ine ndimangoijambula. Anatuluka, anapukuta manja pa ovolosi, anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Nizabwela, Ba Sir. Koma ma shock a kumbuyo aja mubweletse tiyaone. Namvela mmene munacokela usiku uja."