Nsima ya Pakati pa Usiku ku Kabwe

Basi yocokera ku Lusaka inafika m'tauni ya Kabwe nthawi itapitirira 11 koloko usiku. Pakati pa anthu amene anatsika panali mkulu wina wa ku Katete, mlimi wa cimanga ndi nshawa, atanyamula kacikwama kakale m'khwapa. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya cisanu inali kulowa mpaka m'mafupa.

Mkuluyu sanali mlendo kweni-kweni m'tauniyi. Anagwirako nchito pa mgodi wa mtovu ndi zinki kufikira pamene mgodiwo unatsekedwa mu 1994. Mgodi umenewu ndiwo unabala tauni yonse: miyala yake inapezedwa mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo malowo anali kudziwika ndi dzina lakuti Broken Hill mpaka mu 1966. Nchito itatha, iye anamanga katundu nabwerera kwao kukagwira khasu. Koma mwana wake wamwamuna, amene anabadwira mu komboni ya Kasanda, atakula anabwerera ku Kabwe kukafuna nchito. Poyamba anali kutumiza mau ndi kandalama. Pambuyo pake kunangoti zii kwa zaka zitatu. Tsopano amake anali gone pamphasa kumudzi, ndipo tsiku liri lonse anali kufunsa za iye.

Mkuluyo anayenda pang'ono-pang'ono kupitirira mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, umene anthu akale anali kusonkhana pansi pake. Masitolo onse anali otseka. M'nyumba za mowa munali kumveka nyimbo ndi phokoso, ndipo malole opita ku Kapiri Mposhi ndi ku Copperbelt anali ataima m'mbali mwa mseu. Kuyambira m'mawa m'mimba mwake munangolowa nthoci ziwiri. Ca kufupi ndi njanji anaona kuwala kwa nyali m'kanyumba ka malata, ndipo fungo la nsomba zouma linamuitana.

M'katimo munali mabenci awiri, tebulo limodzi lalitali ndi mbaula zitatu. Pa mbaula yoyamba panali mphika wa nsima, pa yaciwiri ndiwo, pa yacitatu ketulo ya tiyi. Mwini wake, mai wacikulire wobvala duku, anali kutakasa ndi mthiko. Pa benci panali oyendetsa malole awiri, mlonda wobvala jasi lalitali ndi mtsikana wina wogulitsa mowa amene anali atangoweruka. Onse anali kudya mwakacetecete, monga acitira anthu otopa.

Malo otere sali ku Kabwe kokha. Ku Japan, mumzinda wa Fukuoka, timisasa tochedwa yatai timatsegulidwa dzuwa likalowa, ndipo anthu ocokera ku nchito ndi ku mowa amapanikizana pa benci kudya ramen, cakudya ca ufa wa tirigu cokhala ngati tizingwe, coviikidwa mu msuzi wa mafupa a nkhumba. Kuli konse kumene anthu agwira nchito usiku, pamapezeka wina wowasonkhera moto.

Mkuluyo atapereka moni m'Cinyanja, maiyo analeka kutakasa namuyang'ana. Ku Kabwe anthu ambiri amalankhula Cibemba ndi Cilenje.

"Kodi Atate, kwanu n'kuti?"

"Ku Katete, Amai."

"Ine kwathu ndi ku Petauke. Khalani apa, pafupi ndi moto."

Anamthirira madzi ofunda m'manja, namuikira mitanda iwiri ya nsima, nsomba ya ku Lukanga yophikidwa ndi matimati, ndi cibwabwa cotendera. Mkuluyo anatema mbamu yoyamba, ndipo thupi lake linayamba kumva kutentha. M'mene anali kudya, maiyo anafotokoza kuti malemu amuna ake anali kugwira nchito ya njanji, ndipo atamwalira iye anayamba ndi mbaula imodzi ndi poto wobwereka. Ana anai anaphunzira sukulu ndi mthiko womwewo.

Atakhuta, mkuluyo anaulula cimene anadzera. Anachula dzina la mwana wake ndi la mudzi wao. Maiyo sanayankhe msanga. Anapukuta manja pa citenje, natenga kabuku kosongoka m'ngodya kamene kanali pansi pa citini ca mcere. Anatsegula masamba angapo nakaika pamaso pa mlendoyo. Pamwamba pa tsamba panali dzina lomwelo, ndipo pansi pake timizere 23, mzere uli wonse mbale imodzi ya nsima ya ngongole.

"Usana amakumba pa cimulu ca zotsala za mgodi cimene achula Black Mountain," anatero maiyo. "Usiku amakweza matumba m'malole. Akapeza kanthu amalipira, akasowa ndimalemba. Sindingam'mane, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Si mwana woipa, Atate. Cimene cam'tsekera njira ya kwao ndi manyazi. Amati sangaonekere kwa amake cimanja-manja."

Mkuluyo anakhala duu. Fumbi la cimulu cija anali kulidziwa bwino. Anali kudziwa kuti mtovu umalowa m'magazi mosaoneka, ndi kuti wabvulaza ana ambiri a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Iye anatuluka mu mgodi ndi moyo, koma mwana wake anali kupala zinyalala za mgodi womwewo ndi manja. Anamasula mfundo ya mpango m'mene munali ndalama za nshawa, nawerenga mtengo wa mbale 23, kuonjezapo yake. Maiyo anadula timizere tonse ndi pensulo.

"Amabwera nthawi yanji?"

"Ca m'ma 2 koloko. Musacoke."

Oyendetsa malole anapita, mlonda anabwerera ku nchito yake, ndipo maiyo anaonjeza makala pa mbaula. Kutali kunamveka kulira kwa sitima ya katundu. Nthawi itakwana, pakhomo panaima mnyamata woonda, tsitsi ndi malaya ziri mbuu ndi fumbi. Ataona amene anakhala pafupi ndi moto, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi ngati afuna kuthawa.

Ulendo wonse wocokera ku Katete mkuluyo anali atakonza mau ambiri okalipa. Onse anamthawa. Anangokankhira beseni la madzi kutsogolo.

"Samba m'manja, mwana wanga. Nsima izizira."

Mnyamatayo anagwada nasamba, misozi irikugwera m'beseni. Maiyo anaomola nsima ina naiika pa mbale imodzi pakati pa awiriwo, ndipo anatembenukira ku mphika wake kuti asawaone.

Akulu anati cibale ndi fupa, siciola. Kunja kutayamba kuyera, anthu awiri anatuluka m'kanyumba ka malata kulunjika kokwerera basi ya ku Lusaka, wamng'ono atanyamula kacikwama ka wamkulu. Maiyo anazima mbaula zake, nabwezera kabuku kaja pansi pa citini ca mcere.