Ntchito yanga ndi ndevu za amayi

Ndimachotsa ndevu pankhope za amayi ndi makina a laser, pa kachipatala kena ka za khungu mumzinda wa Johannesburg. Kwathu ndi ku Dedza. Ndikapita kumudzi n'kunena chimene ndimachita ku Joni, anthu amayamba aseka kaye. Kukati kwachita mdima, mmodzi amandikokera kuseri kwa nyumba n'kufunsa monong'ona ngati zimathekadi. Kawirikawiri amakhala mayi amene ndakula ndikumuona, koma sindinadziwepo kuti m'mawa uliwonse amayamba wameta pachibwano asanatuluke panja.

Amayi a ndevu ndi ambiri kuposa mmene timaganizira, kungoti amabisa mwaluso. Wina amayenda ndi lezala m'chikwama. Wina amakhala pagalasi usiku kuzula tsitsi limodzilimodzi mpaka chibwano kutupa. Wina amamanga sikafu m'khosi ngakhale kunja kukutentha. Angapo anandiuzapo kuti nthawi ya Covid, mu 2020, pamene tonse tinkavala zophimba pakamwa, ndi pamene anapumako. Chimene akuthawa ndi pakamwa pa anthu: ena amati mkazi wa ndevu ndi mfiti, ena amati ndi wankhanza, amalamulira mwamuna. Zonsezi ndi zabodza, ndipo zimandiwawa chifukwa ndimaona misozi ya amene amanenedwawo.

Makina athu amatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha, kwa kanthawi kochepa kwambiri kosakwana n'komwe kuphethira kwa diso. Kuwalako kumamwedwa ndi melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi ndi khungu. Amene anavalapo malaya akuda masana a mu Okutobala akudziwa kuti chakuda chimakoka kutentha kuposa choyera. Tsitsi lakuda likamwa kuwalako limatentha, ndipo kutenthako kumatsika nalo mpaka kumuzu n'kuwononga pamene limaphukira. Nzeru imeneyi anaifotokoza madokotala awiri a ku Boston, Rox Anderson ndi John Parrish, mu 1983. Iwo anasonyeza kuti ukasankha bwino mtundu wa kuwala, mphamvu yake ndi kutalika kwa nthawi yake, ungathe kuwotcha kanthu kamodzi m'kati mwa khungu osapsereza zozungulira. Mu 1996 gulu la Anderson, limodzi ndi dokotala Melanie Grossman, linaonetsa kuti laser ya ruby imawonongadi mizu ya tsitsi.

Vuto la ife akhungu lakuda lagona pomwepo. Melanin amene makina akusaka m'tsitsi ndi yemweyo wadzaza pakhungu pathu. Makina oyambawo, ruby ya 694 nm ndi alexandrite ya 755 nm, amachita bwino pa munthu woyera wa tsitsi lakuda chifukwa khungu lake silimwa kuwala kwambiri. Ukawaloza pa ine kapena pa inu, khungu limamwa kuwalako kusanafike kumuzu, n'kutuluka matuza. Matuza akapola amasiya mawanga, ena akuda bii, ena otuwa, ndipo amatha miyezi yambiri asanazimiririke. N'chifukwa chake ine ndimadalira makina otchedwa Nd:YAG, a 1064 nm. Kuwala kwake melanin samakumwa mwadyera, motero kumadutsa pamwamba pa khungu n'kukafika pansi pomwe pali mizu. Pali muyeso wa mitundu ya khungu umene anayambitsa dokotala Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard mu 1975, wochokera pa 1 kufika pa 6. Amayi ambiri amene amagona pabedi langa ndi a 5 ndi 6. Makina a diode, a 810 nm, ndimawagwiritsa ntchito mosamala pa amene ndi oyererako, koma pa khungu lakuda kwenikweni sindiyerekeza.

Palinso makina otchedwa IPL, amene masaluni ena amawatcha laser pomwe si laser. Amatulutsa kuwala kwa mitundu yambiri nthawi imodzi, ndipo ina mwa mitunduyo khungu lathu limaimwa msanga. Ndalandirapo amayi obwera ndi zipsera za makona anayi zondondozana m'masaya, chilichonse cholingana ndendende ndi mutu wa makina amene anawawotcha. Munthu anapita kukachotsa chinthu chimene ankatha kuchibisa ndi lezala, n'kubwerako ndi chimene ngakhale paudala sangachiphimbe. Zimenezi ndi zimene zinandichititsa kukhulupirira kuti luso la ntchito yathu siligona pa kusindikiza batani. Ligona pa kudziwa woyenera kumuwombera, ndi mphamvu yanji, ndiponso amene uyenera kumubweza.

Tsiku loyamba makina sindiyatsa. Timakhala pansi n'kucheza. Ndimayang'ana ndevuzo pa kuwala kokwanira, kuona ngati zili zokhuthala kapena ndi ubweya wofewa chabe, ngati zili zakuda kapena zayamba imvi. Kenako ndimafunsa funso limene ambiri saliyembekezera: "Mayi, kumwezi mumapita mwezi uliwonse?" Ena amadabwa, ena amagwetsa nkhope. Ndimafunsa chifukwa ndevu za mkazi kawirikawiri zimachokera m'kati. Thupi la mkazi aliyense lili ndi mahomoni achimuna pang'ono, ndipo akachuluka, kapena mizu ya tsitsi ikamawamva kwambiri, ubweya wofewa wa pachibwano umasanduka ndevu. Chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi matenda a PCOS, amene madokotala Irving Stein ndi Michael Leventhal a ku Chicago anawafotokoza mu 1935. Amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa khumi alionse a msinkhu wobereka, ndipo bungwe la WHO limati mpaka 70 mwa 100 alionse amene ali nawo sanapimidwepo. Zizindikiro zake ndi msambo wodumphadumpha, ziphuphu zosatha, kunenepa, kuvutika kutenga pathupi, ndipo m'kupita kwa nthawi amatha kuitana matenda a shuga.

Mayi wotere ndimamutumiza kaye kwa dokotala. Ine ndingawotche mizu imene ilipo lero, koma ngati mahomoni akudzutsabe ina, adzangotaya ndalama zake. Dokotala amatha kumupatsa mapiritsi ena akulera kapena mankhwala monga spironolactone, ndipo zikayendera limodzi ndi laser zotsatira zake zimakhalitsa. Pali ena amene sindimawachedwetsa n'komwe. Ndevu zikabuka mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mawu n'kuyamba kukula ngati a bambo, ndimamuuza kuti apite kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa nthawi zina chimakhala chotupa m'timatumba ta mazira kapena m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Woyembekezera ndimamuuza adikire achire kaye. Komabe si mayi aliyense wa ndevu amene akudwala. Kwa ena ndi za kumtundu, agogo anali nazo, azakhali ali nazo. Kwa ena zimabwera akasiya kusamba.

Funso lachiwiri limavuta kuposa loyamba: "Mumadzola chiyani kumaso?" Yankho limabwera lakuti Vaseline basi. Koma ndikaona nkhope yoyera kuposa manja, khungu lopyapyala, timitsempha tikuonekera, ndimadziwa kuti pali mafuta oyeretsa khungu. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, koma timachubu timeneti tikugulitsidwabe m'misewu ndi m'tisitolo, monganso m'misika ya kwathu. Ambiri mwa mafutawa ali ndi mankhwala amphamvu a steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, ndipo chimene ogulitsa sanena n'chakuti mankhwalawa amameretsa ubweya kumaso. Mtsikana amadziyeretsa kuti akongole, pakatha chaka masaya adzaza cheya. Khungu lotere limapsa msanga, ndiye sindiliwombera mpaka atasiya mafutawo mothandizidwa ndi dokotala wa khungu, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi nakonso kumabutsa zotupa. Sindimudzudzula. Amene anamuuza kuti kuda n'kunyansa ndi anthu omwe aja amene lero akumuseka ndevu.

Tikagwirizana, ndimamuuza kuti asiye kuzula, kaya ndi kachitsulo, ulusi kapena phula, kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Tsitsi likazulidwa, kuwala kulibe choti kugwire. Azimeta basi. Apa ndi pamene timalimbana, chifukwa pafupifupi aliyense anauzidwa kuti kumeta kumachulukitsa ndevu. Si zoona. Katswiri wa za thupi la munthu, Mildred Trotter wa ku St. Louis, anayeza zimenezi kalekale mu 1928 ndipo anapeza kuti kumeta sikusintha kukhuthala, mtundu kapena liwiro la kakulidwe ka tsitsi. Lometedwa limangomveka lolimba chifukwa nsonga yake yadulidwa. Kuzula ndiye kumene kumatipweteka ife a tsitsi lopotana: likamaphukanso limapinda n'kulowa m'khungu, n'kuchita kachiphuphu, kachiphuphuko n'kusiya banga lakuda. Amayi ambiri chimene chimawavutitsa kwenikweni ndi mawangawo, ndipo chimene chimandisangalatsa pa ntchitoyi ndi kuona chibwano chikuyamba kusalala ndi kubwerera mtundu wake tsitsi likachepa.

Ndisanagwire nkhope yonse ndimayesa kaye pa kamalo kakang'ono kunsi kwa nsagwada, n'kumuuza abwerenso pakapita masiku angapo. Khungu lakuda limachedwa kuonetsa kuti lapsa, ndiye wothamanga amanamizika.

Tsiku lenileni ntchito sitenga nthawi. Ndimapukuta nkhope kuti pasatsale mafuta kapena paudala, ndimalemba malire ndi pensulo yoyera chifukwa yakuda ingamwe kuwala, ndipo tonse awiri timavala magalasi oteteza maso. Pafupi ndi diso, ngakhale pansi pa nsidze, sindifikapo zivute zitani, pakuti kuwala kumeneku kungawononge diso mpaka kalekale. Mphepo yozizira imawomba pakhungu nthawi yonse, isanafike mphamvu ndi itadutsa. Zimapweteka, tisanamizane, makamaka pamlomo wam'mwamba, ndipo m'chipinda mumamveka fungo la tsitsi lopsa. Maso anga sachoka pakhungu. Tikatuluka timatupsya ting'onoting'ono pamuzu uliwonse ndimadziwa kuti kutentha kwafika pomwe ndimafuna, ndipo timatupsyato timaphwa pakatha maola ochepa. Khungu likayamba kutuwa, kapena mayi akati moto sukuzima pamene ndadutsa kale, ndimaima pomwepo n'kutsitsa mphamvu. Chibwano ndi mlomo zimatha m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Pakatha sabata imodzi mpaka itatu tsitsi lakufalo limayamba kuthothoka lokha.

Ulendo umodzi sukwanira. Tsitsi silikula lonse nthawi imodzi: lina likukula, lina lapuma, lina likukonzeka kuthothoka, ndipo laser imapha bwino lokhalo limene likukula tsikulo. Choncho timakumana pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi iliyonse, maulendo 6 kapena 8, ndipo a PCOS amafunika ochulukirapo komanso kubwerabwera kamodzi kapena kawiri pachaka. Ngakhale bungwe la FDA la ku America limalola opanga makinawa kunena kuti amachepetsa tsitsi kwa nthawi yaitali, osati kuti amalithetseratu lonse. Inenso ndimanena chimodzimodzi: zambiri zidzachoka, zotsala zidzakhala zofewa ndi zochedwa kukula. Pakati pa maulendowa dzuwa ndi mdani, ndiye chipewa ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa n'zofunika ngakhale kwa ife akuda.

Pali ndevu zina zimene makina anga sangazithe. Za imvi zilibe melanin, ndiye kuwala kumangozidutsa. Zimenezo zimafuna njira yakale ya electrolysis, yolowetsa kasingano ka magetsi pamuzu uliwonse, imene dokotala wa maso Charles Michel anaifotokoza mu 1875 ataigwiritsa ntchito pochotsa nsidze zolasa m'diso. Ubweya wofewa wa m'masaya nawonso ndimaukana ngakhale mwini atachonderera, chifukwa nthawi zina kutentha kochepa m'malo moupha kumaudzutsa, n'kusanduka tsitsi lokhuthala. Kubweza munthu amene wabwera ndi ndalama m'manja n'kovuta, koma nkhopeyo adzakhala nayo moyo wake wonse.

Ndalamanso ndi nkhani. Alongo athu ambiri kuno amagwira ntchito za m'nyumba, ndipo kobiri iliyonse ili ndi pogwera, lendi kuno, fizi ndi feteleza kumudzi. Wina amalipira maulendo awiri, ndalama n'kutha, ndevu n'kubwerera, iye n'kumati anaberedwa. Ndimawauza kuti ndi bwino kudikira, kumameta ndi kusunga mpaka zitakwana za maulendo onse, kusiyana ndi kuyamba n'kulekeza panjira.

Tsono inu mayi, achemwali, amene mukuganiza zopita kukachotsa ndevu, kaya ndi kuno, ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku London: musanagone pabedi funsani dzina la makina, ndipo ngati khungu lanu ndi lakuda mumve akutchula Nd:YAG. Funsani ngati anagwirapo anthu a khungu ngati lanu. Akapanda kukufunsani za kumwezi ndi za mafuta amene mumadzola, kapena akakana kuyesa kaye pa kamalo kakang'ono, tengani chikwama chanu muzipita.