Milungu yaikazi ya m'masitolo a ku Hatfield

Kuchokera pa siteshoni ya Gautrain kukafika mu Burnett Street ndi mphindi zosakwana khumi wapansi. Unali mwezi wa Okutobala, jakaranda atayoyola maluwa ake a pepo m'njira monse, ndipo ndinkaponda mosamala poopa kuterereka pamaso pa ophunzira a University of Pretoria. Mahutala a matakisi anali pokopoko, fungo la chipisi likukutsata mpaka pakhomo la Hatfield Plaza.

Woyamba kukumana naye anali Nike, pa nsapato. Mtengo wake kupitirira R1,500. Ndinabweza dzanja. Kwa Agiriki akale ameneyu anali mulungu wamkazi wa chipambano, wamapiko, wotsika kudzaveka nkhata amene wapambana pankhondo kapena pa mpikisano. Aroma ankamutcha Victoria.

M'supamaketi munkazizira kwambiri moti ndinalakalaka juzi. Pashelefu ya zakumwa panandandalika makatoni a Ceres, omwe aja timawaona ku Lilongwe ndi ku Blantyre, lita imodzi pafupifupi R35. Dzinali linachokera ku tauni ya Ceres ku Western Cape, chigwa cha maapozi ndi mapichesi, koma mwini wake weniweni ndi mayi wa tirigu ndi zokolola wa Aroma, amene Agiriki ankati Demeter. Nthano imati Pluto, mfumu ya kumidima, anaba mwana wamkazi wa Ceres, Proserpina. Mayiyo anamufunafuna dziko lonse, ndipo chifukwa cha chisoni analeka kusamala minda. Mbewu zinauma, njala inagwa. Jupiter, mfumu ya milungu, atalowererapo anagamula kuti mtsikanayo azikhala miyezi ina kwa mwamuna, ina kwa mayi ake, ndiye akabwera minda imabiriwira, akapita kumauma. Ndinakumbukira Makewana wa ku Msinja, amene makolo athu ankapitako mvula ikavuta, ngakhale iye anali munthu wamoyo wolankhulira Chauta. Ceres, kunena zoona, ndi amene dzina lake lagwera pamalo oyenera.

Ena ntchito zawo zinasokonekera. Flora, mwini maluwa, ali pa majarini. Venus wa chikondi ndi kukongola akugulitsa malezala.

Ndinakwera takisi yodzera ku Arcadia, titapanikizana, makilomita ngati asanu mpaka ku Church Square. Pamenepo pali Ou Raadsaal, nyumba ya malamulo ya boma la Paul Kruger yomwe mapulani ake anajambula Sytze Wierda. Pansonga pa nsanja yake paima chiboliboli cha mkazi chimene ambiri amati ndi Minerva, Athena kwa Agiriki, woyang'anira nzeru, luso la manja ndi machenjera a nkhondo. Tsidya lina la bwaloli ndi Palace of Justice, kumene Nelson Mandela anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 1964.

Alendo ankajambulitsa pa chiboliboli cha Kruger pakati pa nkhunda. Minerva ali patali zedi. Khosi linandiwawa, ndipo ndinachita kukuza chithunzi pa foni kuti ndimuone bwino.