Mabwato Awiri Omangana ndi Ngalawa Imodzi

M'nyengo ya mwera yapitayi ndinatsikira kunyanja kuchokera kwathu ku Mtakataka, kukacheza ndi mwana wa mlongo wanga amene ali msodzi. Ndinampeza ali kusema mitengo iwiri yaitali, nati kwa ine: "Malume, ndifuna kumanga mabwato anga awiri pamodzi, ndiimikepo thanga, kuti ndizifika msanga ku Chipoka ndi usipa." Nzeru imeneyi anaitola ku Senga Bay, kumene anaona mabwato a matupi awiri a mpikisano wa matanga umene unayambika pa nyanja yathu m'chaka cha 1984, ulendo wa makilomita oposa 500.

Kunena zoona, maso ake sanamnamize. Ngalawa ya thupi limodzi, monga zija za Jumbe wa ku Nkhotakota, ili yotakata ndi yolemera. Poyenda ikankha madzi ambiri, niutsa funde limene liiletsa kuonjeza liwiro, ngakhale mphepo ikule. Koma matupi awiri owonda ang'amba madzi ngati mpeni, ndipo popeza ali otalikirana safuna cholemera pansi kuti aime chilili. Chifukwa chake athamanga koposa, makamaka mphepo ikadzera m'mbali.

Tsono mtima wanga unali pa ana ake atatu, pakuti liwiro limenelo lichokera m'kupepuka. Ndinati: "Mphwanga, a mpikisano aja sasenza matumba. Ndiponso ngalawa yolemera kunsi ikapendekeka idzuka yokha, koma yako ikagudubuzika idzakhala chafufumimba, iwe uli pakati pa nyanja."

Sanandimvere msanga, ndipo tinapangana kuyesa pafupi ndi gombe. Opanda katundu, mabwato akewo anasiya m'mbuyo ngalawa ya mnansi wake, anyamata nakuwa ndi chimwemwe. Titaikamo matumba asanu ndi limodzi a mchenga, anamira kufikira m'milomo, mitengo inayamba kulira, madzi nalowa. Ngalawa ija inapitirira mwakachetechete ndi katundu wake yense.

Mphwangayo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anamasula zingwe. Usipa wake apitabe nawo pa ngalawa, ndipo afika mochedwerapo; koma madzulo alionse ana ake amlandira pagombe. Akulu akale sananame ponena kuti kuthamanga sikufika.

Ndine wanu,
Katekisiti wa ku Mtakataka