Musanapereke ndalama, ndikwere kaye kudenga

Ndine kalipentala, ndipo masiku ano ntchito yanga yambiri ili m'nyumba zakale za ku Sunnyside, Namiwawa, Nyambadwe ndi Mandala muno mu Blantyre. Ofuna kugula amandiitana kuti ndikazione asanapereke ndalama. Iwo amafika maso ali pabwalo, poti malo ake ndi aakulu zedi: jakaranda kutsogolo, mango ndi mapeyala kuseri, boyizi kota kumapeto. M'mutu mwawo agawa kale mapuloti, amanga kale mafulati a lendi. Nyumbayo amangoisuzumira pazenera. Ine ndimapempha makwerero n'kulowa pachibowo cha siling'i, tochi ili m'manja.

Kumwambako ndimagogoda mtanda uliwonse ndi kahamala. Thabwa lamoyo limayankha mogwira, lodyedwa limalira phwa phwa. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu ndi penti yake zili bwinobwino, choncho diso lokha lingakupusitseni. Ndikatsika ndimazungulira nyumba yonse kufunafuna tinjira tadothi timene chimamata pokwera khoma.

Nthawi zina fungo limandilandira tochi ndisanayatse, ndipo ndimadziwiratu kuti ndi mkungudza. Mtengo umenewu kwawo ndi paphiri la Mulanje. Chiswe chimaukana, ndipo suola msanga. Amisiri akale, makamaka ku Zomba komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975, ankaupangira mitanda, zitseko ndi mafelemu a mazenera. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko, koma lero mitengo ikuluikulu paphiripo inatha ndi macheka a anthu odula mozemba. Mukagwetsa denga lotere, mudzabwezerapo paini, amene amafuna kumwetsedwa mankhwala kuti chiswe chisamuyambe. Zitseko zolemera za mlombwa ndi mbawa nazonso musayembekeze kuzipeza pamsika wa matabwa zouma bwino chotero. Ndimawauza ogula kuti, "Bwana, chuma cha nyumbayi chili pamwamba pa mutu wanu."

Makoma si gawo langa, komabe ndagwira ndi omanga nthawi yaitali moti sindingakhale chete. Nyumba zambiri zakale njerwa zake anamangira matope kapena laimu. Khoma lotere limamwa chinyontho n'kuchitulutsa dzuwa likawala, ndipo khonde lalikulu lozungulira nyumba ndilo limaliteteza ku mvula. Taonani Mandala House, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882: idakaimabe ndi makonde ake. Tsono wogula watsopano amatseka khonde kuti apeze chipinda china, amamata pulasitala wa simenti yolimba, pamwamba penti ya mafuta. Chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi chinyontho chimasowa potulukira, pulasitala amatupa n'kuyamba kusendeka, ndipo mapazi a mafelemu anga amaolera momwemo. Akatero amati nyumba yakale ndi yovuta, chonsecho aiphimba okha mphuno.

Denga likakhala la asibesitosi ndimachenjeza anyamata kuti asalidule ndi galainda ngakhale kulipala ndi burashi yawaya, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka. Timazula misomali mofatsa n'kutsitsa lonse lathunthu.

Bwalo lalikulu nalo lili ndi zake. Bulugamu woyandikira nyumba amayamwa madzi m'nthaka mpaka maziko kusuntha, mizu ya mitengo ina imalowa m'mapaipi opita kuthanki ya zonyansa. Blantyre ndi wa zitunda, ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 palibe amene amandiseka ndikafunsa kuti madzi a kumtunda amadutsa pati. Wodziwa bwino zimenezi amakhala mlonda kapena bambo osamalira maluwa amene akhala pamalopo zaka zambiri. Ndimawapatsa moni waulemu, "Madala, mvula ikagwa yambiri pano pamatani?" Iwo sabisa.

Za mapepala ndi za maloya, ine ndimangokumbutsa. Malo ambiri am'tauni ali pa lizi ya zaka 99, ndiye werengani kuti zatsala zingati. Funsani ngati msonkho wa kukhonsolo ulibe ngongole, ndipo ngati mwini wake anamwalira, ana onse avomereze kugulitsako. Kugawa puloti nakonso kumafuna chilolezo, si kungokhoma zikhomo.

Sikuti nyumba iliyonse yakale ndi yoyenera kuisunga. Ina ndimanena ndekha kuti yatha, maziko anang'ambika, mitanda ndi ufa wokhawokha. Ina ndi yolimba, koma mwini ndalama watsimikiza zogwetsa, ndipo sindingamuletse. Pamenepo ndimangopempha kuti katapila asanabwere andilole ndichotse zitseko, mafelemu ndi mitanda. Ambiri amavomera mosavuta poyesa kuti ndi nkhuni. Ndimawauza mtengo wake weniweni tisanagwirizane, ndipo ena akaumva amayamba kufunsa kuti kukonza dengalo kungadye ndalama zingati.